Tsiku Limene Tinawerenga Ana a Kutsidya kwa Lupande

Senderani kuno kumthunzi, ana inu, musiye kulimbirana foni ya amayi anu. Iwe Dalitso, ndinakumva dzulo ukudandaula kuti m'kalasi mwanu mwadzaza, desiki imodzi mumakhalapo anayi, ena pansi, ndipo aphunzitsi sadziwa ngakhale dzina lako. Wadandaula zoona, ndipo akuluakulu a sukulu ayenera kuzimva. Koma usakwiye kuti agogo ako m'malo mokumvera chisoni anangoseka. Ine ndikamva kuti ana achuluka mpaka kusowa pokhala, mtima wanga umavina. Sukulu imene ukuinyozayo ndinaikhetsera thukuta, ndipo panatsala pang'ono kuti isamangidwe, chifukwa boma linkati kuno kulibe ana.

Kulibe ana, kuno! Pitani mukaime pamsewu wa ku Mfuwe m'mawa cha m'ma seveni, muone mayunifolomu akusefukira mbali zonse mpaka magalimoto a alendo oona nyama kumayenda ngati akuperekeza maliro. Koma boma silinaname. Amene ananama ndife, ndipo mmodzi wa anthu onamawo ndi nkhalamba imene yakhala patsogolo panuyi.

Mukudziwa kuti ine si wakuno kuchigwa. Ndinatsika kuchokera kumtunda, cha ku Katete, ndili mnyamata wa ndevu zitatu, nditamva kuti ku Msoro thonje limabereka mosaumira. Ndinabwera pa njinga yopanda mabuleki, pamatsitso ndinkaima ndi chidendene, ndipo nsapato ya kumanja inafika itatha. Kutentha kwa kuno kunandiphika, mapira ofiira anakangana ndi mimba yanga yozolowera chimanga mwezi wathunthu, Chikunda chinandipiringiza lilime, ndipo mpaka lero inu mumandiseka ndikachiyankhula. Ndinati ndilima chaka chimodzi basi, ndibwerere kwathu. Ndiye ndinaona agogo anu aakazi, a Belita, akutsitsa mtolo wa thonje pamsika, akukalipira woyeza sikelo kuti achotse phazi pa thumba lawo. Chaka chimodzi chija sichinathebe.

Ndinamanga nyumba kwawo kwa mkazi, ngati mkamwini aliyense. Mkamwini wa masiku amenewo sanali ngati awa a lero amene amakhala mpando umodzi ndi apongozi awo kuonera mpira pa tivi, n'kumawomberana m'manja chigoli chikalowa. Ine ndikaona amayi ake a Belita akubwera panjira, ndinkapatukira kutchire, kaya kuli chitedze. Sitinkayang'anana, sitinkadyera pamodzi. Mawu anga opita kwa iwo ankadzera mwa Belita, awonso chimodzimodzi. Apongozi angawo anali mayi wamng'ono thupi, wosalankhulalankhula, koma amayi onse a midzi yathu ankamvera iwo pa nkhani za uchembere, poti ana ambiri kuno anabadwira m'manja mwawo.

Lamulo lawo lalikulu linali lakuti ana sawerengedwa. Mbuzi werenga, nkhuku werenga, mizere ya m'munda werenga, koma ukaloza ana ndi chala n'kumati mmodzi, awiri, atatu, ndiye kuti ukusonyeza imfa poyambira. Mlendo akafunsa mayi kuti ali ndi ana angati, mayiyo ankangoyang'ana kumbali n'kufunsa ngati mlendoyo afuna madzi akumwa. Musaseke, ana inu. Anthu amenewo sanali opusa, anali oopa, ndipo chowaopsa chinalipo.

Masiku amenewo mayi ankabala chaka ndi chaka, koma mudzi sunkadzaza. Dzinja likafika malungo ankalowa nyumba ndi nyumba. Chikuku chikabwera chinkasesa. Kutsegula m'mimba kunkatenga mwana amene dzulo lake ankathamangitsa nkhuku. N'chifukwa chake anzanga a msinkhu wanga ndi a Mavuto, a Misozi, a Masiye. Mayina amenewo sankaperekedwa mongofuna kukometsa. Mwana wathu woyamba anakhala masabata atatu okha. Khanda lotero limaikidwa ndi amayi okhaokha, popanda kulira mokweza, ndipo ine sindinaone pamene anagona. Ndinatenga khasu kupita kumunda, ndipo tsiku lonse ndinalima mzere umodzi. Kenaka kunabadwa Lazaro, atsibweni anuwa. Wachitatu anali atayamba kale kunditcha atate pamene chikuku chinamutenga. Wotsatira wake tinamutcha Misozi, ndiwo amayi anu. Pambuyo pake panabwera ena awiri.

Tsopano yerekezani ndi Tisa, mwana wa Lazaro, amene amagwira ntchito kumalo ogona alendo cha ku Nkwali uja. Ali ndi ana awiri ndipo akuti basi, watseka. Nditamva ndinamukalipira. Ndinati, "Iwe, awiri ndi ana kapena ndi mboni?" Iye anandiyankha kuti, "Agogo, thu akwana. Ndifuna onse afike giledi thwelofu." Ndinanyinyirika sabata yathunthu. Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti mwanayu amasankha dzina mwana akadali m'mimba, amagula tizovala mwezi usanakwane, zinthu zimene Belita sakanayerekeza n'komwe. Tisa amabala awiri chifukwa akuyembekeza kulera awiri. Anthu a nthawi yathu tinkabala ngakhale asanu ndi atatu posadziwa kuti titsala ndi angati. Ndipo onani, amayi a lero akubala ochepa koma ana m'dziko muno ndi ambiri kuposa kale lonse, poti amene tinawapulumutsa aja nawonso abala. Ndimamukalipirabe Tisa ndikamuona, kuti asazolowere, koma mumtima ndimamunyadira.

Kusintha kunabwera mwakachetechete. Anamwino a kuchipatala cha mishoni anayamba kubwera mwezi ndi mwezi, kupachika sikelo panthambi ya mtengo wa bwemba uli pabwalo paja, kupachikapo ana ali m'kabudula wa nsalu akulira ngati akuphedwa, kuwabaya katemera ndi kuwalemba m'makadi. Apongozi anga sankazifuna zimenezo, koma Belita anali ndi mutu wake, ankapita. Kenaka tinakumbiridwa mjigo, tinasiya kumwa madzi ofukula mumchenga wa mumtsinje. Ana anayamba kukhala. Koma popeza palibe ankawerenga, palibe anadziwa kuti achuluka bwanji. Ine ndinazindikirira pa mango. Nditangofika kuno mango ankapsa mumtengo, kugwa, kuwolera pansi, otsala njovu n'kudzamaliza. Patapita zaka ndinaona kuti sindikulawanso bango lakupsa, onse akuthera aawisi, ndi mchere, m'mimba mwa tianthu tosavala malaya. Ndinauza Belita kuti mudzi uno wagwa dzombe la miyendo iwiri.

Vuto linali sukulu. Inali kutsidya kwa mtsinje wa Lupande, ulendo wa maola awiri kwa mwana. M'chilimwe Lupande ndi mchenga wokhawokha, umawoloka osanyowa ndi chala chomwe. Koma mvula ikagwa kumtunda amadzaza mwadzidzidzi, madzi ofiira onyamula mitengo yathunthu, ng'ona nazo n'kukwera kuchokera ku Luangwa. Kuyambira Janyuwale mpaka mvula itatha ana athu ankangokhala kunyumba. Akabwerera ankapeza anzawo apita patali, n'kubwereza kalasi, n'kubwerezanso, mpaka kutopa. Lazaro anasiya motero. Koma Misozi anali wina. Amayi anuwa, amene lero amakukalipirani mukachedwa kudzuka, ankadzuka okha, n'kukaima pagombe ndi kope lawo m'pepala la pulasitiki, kuyang'ana madzi ngati aphwa. Tsiku lina ndinawapeza atalowa kale mpaka m'chiuno. Ndinawavuula, ndinawakwapula, iwo akulira inenso ndikulira. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti sukulu ibwera tsidya lino, apo ayi mwanayu ndidzamuika m'manda kapena adzakhala mbuli, ndipo zonse ziwiri sindinkazifuna.

Tinapalasa njinga amuna atatu kupita ku boma. Wolankhula ndinali ine, poti ndinkadziwa kulemba ndi kupatsa moni m'Chingerezi. Mu ofesi ya zamaphunziro tinapeza mayi wina wamagalasi, amene tinkangomutcha madamu.

"Mwaswera bwanji, atate? Nkhani yanu ndi yotani?"

Ndinafotokoza zonse, za mtsinje, za ng'ona, za Misozi. Anamvetsera bwino, kenaka anatsegula buku lalikulu n'kuyendetsamo chala.

"Apa palembedwa kuti midzi yanu yonse faivi ili ndi ana osadzaza ngakhale kalasi imodzi. Mphunzitsi ndimutumiza kwa ndani?"

"Bukulo lalakwa, madamu. Kwathu ana ndi ambiri."

"Inu muli nawo angati?"

"Folo, madamu."

"Nanga a kalembera atabwera munawauza angati?"

Ndinayang'ana pansi. Apa ndiye pamene ndiyenera kuulula, ana inu. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake kunabwera anyamata a kalembera ndi mabuku awo, kulemba anthu nyumba ndi nyumba. Uthenga utangofika kuti ali m'mudzi woyandikana nawo, amayi anathamangitsira ana m'minda ya mapira. Ine, munthu wodziwa kulemba, ndinanyamula Misozi ndi manja angawa n'kumuika m'nkhokwe, ndi kumuuza kuti akatsokomola aona. Pakamwa ndinkati zimenezi n'zachikale, koma ndinali nditaika kale awiri, ndipo ndinati bwanji ngati amayi aja akunena zoona.

"Thu, madamu," ndinayankha.

Madamu anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Ndiye mukufuna boma lilote? Mverani. Msewu ukauma ndibwera ndekha, Lachisanu loyamba la mwezi wa Meyi, teni koloko. Ndikapeza ana okwanira ndilemba kalata yopempha mphunzitsi. Ndikapanda kuwapeza musadzabwerenso muno."

Pobwerera anzanga aja anandisiyira mtolo wonse. Anati mkamwini ndiwe, apongozi ndi ako, ukaone wekha. Ndinakakhala kuseri kwa nyumba ya apongozi, iwo ali pakhonde, Belita akuyenda pakati kunyamula mawu ngati wamtengatenga. Yankho loyamba linabwera lalifupi: "Akuti ana si mbuzi." Ndinatumiza mawu ena, a mtsinje ndi ng'ona. Linabwera lachiwiri: "Akuti ng'ona imaoneka, munthu n'kuithawa. Chimene mukufuna kuitanacho sichioneka."

Ndili chikhalire pamenepo ndinaona nthanga za bwemba zili mbwee pansi, zimene ana analavula. Nzeru inandibwerera, ndipo ndinadziona wochenjera kuposa anthu onse a m'chigwa muno. Ndinati mayi aliyense adzaponye m'lichero nthanga imodzi pa mwana aliyense wamoyo amene sanakwatire, madamu adzawerenge nthangazo. Palibe chala chidzaloze mwana. Belita anapita, anakhalitsako, n'kubwera nalo: "Akuti nthanga awerenge mmene angafunire. Koma ana asaoneke." Ndinayenda midzi yonse isanu kufotokoza, kubwerezabwereza kuti amoyo okha, ndipo amayi ankagwedeza mitu kuti amva.

Lachisanu lija mthuthuthu wa madamu unamveka uli kutali. Pamene unkaima pansi pa bwemba, m'mudzi munali zii. Amuna tinakhala mbali yathu, amayi mbali yawo, apongozi kumbuyo kwenikweni atatembenukira kumbali chifukwa cha ine. Mwana ndi mmodzi yemwe panalibe, kupatula a kumabere. Mapira anali atatalika kupitirira munthu, ndipo ndinkadziwa kuti onse ali mmenemo.

"Atate, ana ali kuti?"

Ndinafotokoza za lichero, ndikumwetulira ngati munthu amene wapha njovu ndi legeni. Madamu sanaseke, koma anati tiyeni tione. Amayi anayamba kubwera mmodzimmodzi, kugwada, kumasula mfundo ya pachitenje ndi kuponya nthanga zawo. Lichero linayamba kulemera. Ine chifuwa chinali patsogolo. Kenaka inafika nthawi ya Belita. Anagwada, naponya imodziimodzi, ine ndikuwerenga chamumtima. Zinayi. Dzanja silinabwerere. Yachisanu. Yachisanu ndi chimodzi.

Madamu nayenso ankawerenga. "Amayi, amuna anu anandiuza folo. Inu mwaponya sikisi."



"Amake Lazaro," ndinatero ine motsitsa mawu, "paja ndinati amoyo okha."

"Ndinamva, atate ake Lazaro. Ndinatola zinayi. Koma pomanga mfundo dzanja linakana. Ndiwasiye panja ngati sindinawabale?"

Ndinayang'ana amayi enawo, ndipo onse anali atazolika. Aliyense anachita chimodzimodzi, aliyense payekha, osapangana. M'lichero lija munali ana onse amene midzi isanu inabala, oyenda ndi ogona, osakanikirana, ndipo nthanga ya wamoyo sinkasiyana ndi ya wakufa. Nzeru zanga zonse zija zinathera pomwepo.

Madamu analankhula mofatsa. "Amayi, pepani. Nanenso ndinaika mmodzi. Koma bwerani muchotse za amene anapita, kuti nditsale ndi zoona."

Palibe anasuntha. Ndani akanatambasula dzanja kuchotsa mwana wake kachiwiri? Madamu anadikira, anayang'ana wotchi, natseka buku. "Sindingatume mphunzitsi kudzaphunzitsa nthanga," anatero, nayamba kumangirira chikwama chake pamthuthuthu. Ine m'maganizo ndinkangoona Misozi ali m'madzi mpaka m'chiuno.

Ndiye ndinamva amayi akuti "Ii!" Apongozi anga anali ataimirira. Anadutsa pakati pa amayi, anadutsa pabwalo, nabwera molunjika kumene kunali amuna, kwa ine. Zaka zonse zija ndinali ndisanaonepo nkhope yawo pafupi. Ndinafuna kuthawa koma anali atafika kale. Anawerama, navundikira lichero lija ndi kansalu kawo ka kumutu, nthanga zonse zili momwemo. Analankhula m'Chikunda, ine ndikuuzani m'chilankhulo changa.

"Izi zisachotsedwe, n'zathu. Ine ndinabala khumi. Sindinawerengepo ndi mmodzi yemwe. Ndinawabisa kwa alendo, ndinawabisa kwa achibale, ndinawatcha mayina oipa kuti asasiririke. Imfa inapeza asanu ndi awiri popanda woilozera. Mwana wanga Belita ake amawapachika pamtengo uno mwezi ndi mwezi, mlendo n'kumawalemba, ine ndikutukwana. Anayi akudya." Kenaka anandiyang'ana m'maso. "Apongozi, imirirani. Muwerenge ndinu, poti magazi anu ali momwemo. Mlendoyu angolemba."

Anatembenukira kuminda, naika manja pakamwa, nakuwa mfuu ija amapirikitsira mbalame m'mapira, koma pamapeto pake anaitana kuti, "Tulukani nonse!"

Poyamba kunangogwedezeka mapesi. Kenaka kanatuluka kamnyamata kamodzi kali ndi mungu wa mapira m'tsitsi. Kenaka atsikana atatu, aliyense ndi mwana kumsana. Kenaka munda wonse unatseguka. Ankatuluka kumunda wa apongozi, kumunda wanga, kuseri kwa nkhokwe, kumatsitso a kumtsinje, aatali, aafupi, amamina, ovala malaya a atate awo ofika m'mawondo, akubwerabe, akubwerabe, mpaka mthunzi wa bwemba unachepa ndipo ena anaima padzuwa. Chimene sindidzaiwala si nkhope ya madamu ayi, koma nkhope za amayi. Chibadwire anali asanaonepo ana awo onse ataima malo amodzi. Mayi wina wachikulire anagwira pakamwa n'kufunsa mnzake kuti, "Onsewa ndi athu?" Wina anayamba kululutira, kenaka analekeza pakati chifukwa cha mantha, kenaka anayambiranso, ndipo onse anamulandira.

Ndinene zoona, mantha ndinali nawo. Ndinati ngati pali choipa chiyambire kwa ine, ndiye ndinaitana Misozi kuti akhale woyamba. Kuloza ndi chala ndinalephera. Ndinaika chikhatho chonse pamutu pake, mutu wotentha ndi dzuwa, n'kuwerenga mokweza m'Chingerezi kuti, "Wanu." Anandiyang'ana, n'kuseka, poti mano akutsogolo analibe. Ndinapita kwa wina. "Thu." Mwana aliyense ankatchula dzina lake ndi la amake, madamu akulemba. Tsamba linadzaza, anatembenuza. Linadzazanso, anatembenuzanso. Mawu anandithera ndisanafike kumapeto, ndipo Lazaro anandibweretsera madzi m'chikho kuti ndimalize. Pomaliza madamu anatseka buku nati, "Atate, mphunzitsi mmodzi sakwana. Yambani kuumba njerwa."

Tinaumba chilimwe chonse, amayi akutunga madzi, ana omwewo akusenza njerwa imodziimodzi pamutu. Sindikunamizani kuti dzinja lotsatira kunalibe maliro. Malungo anabwera monga mwa masiku onse, ndipo tinalira. Koma palibe anatsegula pakamwa kunena kuti n'chifukwa cha kuwerenga, poti amene akanayamba kunena zimenezo ndi amene anaitana ana kuti atuluke. Mphunzitsi woyamba anafika njerwa zisanafike pamawindo, ndiye anayambira m'chisakasa cha udzu pafupi ndi njira ya kuminda. Chaka chimenecho Lupande anadzaza mpaka kugwetsa magombe, ndipo Misozi ankapita kusukulu ndi mapazi ouma.

Ine ndi apongozi tinabwerera ku mwambo wathu. Ndikawaona panjira ndinkapatukabe, ndipo sanandilankhulenso maso ndi maso mpaka tsiku limene anatisiya. Koma panali chinthu chimodzi chimene ndinkachiona ndili patali. M'mawa uliwonse popita kumunda ankaima kuseri kwa chisakasa chija, khasu atatsamiritsa pansi, nthawi imene mphunzitsi amatsegula kaundula n'kuyamba kuitana mayina. Tsiku lina Belita anawafunsa kuti, "Amayi, mumaimiranji pamenepo, dzuwa likukwera? Kapena mufuna tikulembetseni giledi wanu?"

Iwo anati, "Ndimafuna ndiwamve akuyankha."

Ankaima pomwepo mpaka dzina lomaliza litaitanidwa ndipo mwana womaliza atayankha. Akatero ankasenza khasu lawo n'kupita kumunda.